A Yotamu ndi Nyimbo Imene Sitinavomere

A Yotamu anamwalira mwezi wathawu. Uthenga unandipeza ndikudikira basi ku Govan, kuno ku Glasgow, ndipo chinthu choyamba chimene chinabwera m'mutu mwanga si mzimu wawo ayi, koma kaseti. Ndikunena poyera kuti ofuna kundiweruza ayambire pomwepa. Munthu wamkulu wagona, anzanga pa foni akutumizirana mawu achisoni, ine ndaima chilili kudzifunsa kuti makaseti awo aja agwera m'manja mwa yani, nanga ya achemwali anga ili pati. Basi inabwera n'kundipitirira ine osaiona.

Dzina lawo linali Yotamu Nkhoma. Azungu a kuno ankangoti Tam, ana athu obadwira kuno n'kumati ankolo Tam, koma ife akuluakulu tinkati a Yotamu, ndipo tisanatchule dzinalo tinkayamba tacheuka. Anali aatali, owonda, a imvi zosadziwa chipeso. Anali ndi jekete limodzi lachikopa lomwe linatuwa m'zigongono, ndipo ankalivala ku ukwati, ku maliro ndi ku tchalitchi, kutenthe kuzizire. M'thumba lakumanzere la jeketelo munkakhala kawailesi kojambulira mawu, kakang'ono ngati sopo wochapira, kokhala ndi kanyali kofiira. Mavuto onse a pakati pa ife ndi iwo anachokera m'thumba limenelo.

Ine ndinafika ku Glasgow iwo atakhala kale zaka zambirimbiri, choncho mbiri yawo ndinaipeza yophikaphika. Amene anandipakulira anali a Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, omwe anabwera nawo limodzi kudzaphunzira ku yunivesite ya ku Hillhead nthawi ya chipani chimodzi. Lamulungu langa lachiwiri anandikokera pambali. Anati masiku amenewo ophunzira a kwathu akakumana m'chipinda cha mnzawo n'kumadandaula za kumudzi, mawuwo ankafika kwa akuluakulu a boma iwo asanatsuke n'komwe mbale, kenako wina ankaitanidwa kwawo osabwereranso. Amene ankanyamula mawuwo sanadziwike. Koma pa gulu lonselo, woyenda ndi chojambulira anali mmodzi yekha.

"Ndiye mukuti anali kazitape?" ndinafunsa.

"Mwana wanga, ine ndanena zimenezo?" anatero a Gondwe, n'kupita kukatenga tiyi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaonera a Yotamu pa ngodya ya diso, ndipo iwo ankadziwa. Ankakonda kunena kuti Amalawi a ku Glasgow tili ngati nkhuku zogula kumene, diso limodzi pa chimanga lina pa mpeni. Ndi a Gondwe ankakangana pa chikondwerero chilichonse cha Khirisimasi, mkangano womwewomwewo chaka ndi chaka. Tsiku lina anawauza anthu onse akumva kuti akanakhaladi kazitape bwenzi atachotsedwa ntchito mwezi woyamba, chifukwa a Gondwe chibadwire sanayankhulepo mawu oti munthu n'kuwanyamula. Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma pobwerera kunyumba ndinaona kuti munthuyo sanakane mlandu, anangotiseketsa basi.

Za kuyimba kwawo ndinazimva pang'onopang'ono. Sukulu anaisiyira panjira n'kuyambitsa bandi ndi anyamata atatu a ku Govan, ana a anthu okhoma sitima zapamadzi. Iwo ndiwo ankaima kutsogolo, gitala pamimba, kukamwa pa maikolofoni. Bandiyo inali ya anthu odziyimira paokha: nyimbo ankapeka okha, kujambula okha m'chipinda chapansi pa nyumba ina, n'kuyenda pa galimoto yakutha m'matauni a kuno ndi a ku England. Dzina la bandiyo sindinaligwirepo bwino, ndipo nyimbo zake kwa ine zinkamveka ngati chigayo cha dizilo. Koma azungu a msinkhu wawo ankawaimitsa mumsewu, azibambo a mimba zawo, kuwagwira dzanja osafuna kulisiya. Ndinaziona ndekha pa sitima ya pansi pa nthaka, bambo wina atavula chipewa n'kuyamba kuwayimbira nyimbo yawo yomwe, iwo akungoyang'ana pa zenera lopanda choona.

Ndiye pamene kampani ina yaikulu ya zimbale inawafuna, chakudya chitapsa kungotsala kupakula, a Yotamu anatuluka m'bandi. Chifukwa chake sananene kwa aliyense. Bandi inafera pomwepo, anyamata aja n'kubalalika, ndipo iwo anayamba kuyimba okha. Kwa ife nkhaniyo inali yosavuta kumasulira. Munthu wotaya anzake pakati pa mtsinje kuti dzina likhale lake yekha angalephere bwanji kugulitsa anzake a m'kalasi? Tinkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ine ndinkanena mwambiwo mokweza kuposa ena.

Nyimbo zimene ankayimba okhazo zinali zachilendo. Phokoso lija linatha, kunatsala gitala ndi mawu awo okha. Ankaponya mzere umodzi, kenako zii, gitala ikungogunda pansipansi, n'kudzaponyanso wina. Olemba za nyimbo m'manyuzipepala a kuno ankayamikira mipata imeneyo, ati ndi luso lakuya. Ine zimbale zawo zonse ndinazimvera, china chilichonse kangapo, khutu litagunda pa sipika. Sikuti ndinkazikonda. Ndinkasaka mawu a achemwali anga.

Achemwali angawo, a Rozi, ndi amene anandibweretsa kuno. Ankasamalira okalamba ku Shawlands, koma ntchito imene Mulungu anawalengera inali yoyambitsa nyimbo. Kwathu ku Ntcheu nyimbo ya amayi siyamba ndi gulu lonse. Mmodzi amaponya mzere n'kusiya mpata, ena onse n'kuvomera. Kumusiya woyambitsa ali lende, osamuvomera, ndi chipongwe choposa kumutukwana, ndipo ine chikulire sindinazionepo zikuchitika. A Rozi anabwera ndi nyimbo ina ya pamaliro ya m'mudzi mwathu, yosalembedwa m'buku lililonse. Woyambitsa amati mlendo wafika mame asanaume, ovomera n'kuti muyalireni mphasa. Anaiphunzitsa amayi a mpingo wathu, ndipo Mmalawi aliyense womwalira kuno tinkamuperekeza nayo.

A Yotamu ku tchalitchi ankabwera mochedwa, n'kukhala pa benchi yomalizira pafupi ndi paipi yotenthetsa m'chipinda. Buku la nyimbo sankalitsegula, pakamwa osayasamula, koma phazi lawo lamanja silinkapuma: chidendene pansi, chala chikugunda. Akafunsidwa chifukwa chimene woyimba wotchuka samayimbira Mulungu, ankati nyimbo ndi ya anthu awiri, woitana ndi wovomera, ndipo iwo anaitana kokwanira, tsopano akumvera mmene ena amavomerera. Ukawafunsa kwawo, ankatchula boma lokha, mudzi ayi. Kumudziko sanapiteko ngakhale pa maliro a mayi awo, ndipo ichi tinkachiwerengeranso pa milandu yawo. Munthu yekhayo amene ankacheza nawo momasuka anali a Rozi, mpaka amayi ena anayamba kunong'ona zawozawo.

Lamulungu lina masana, mapemphero atatha, ndinabwerera ku holo kukatenga ambulera yanga. Ndinamva a Rozi akuyimba kukhitchini. Anali okha pa sinki akutsuka makapu, akuponya mizere ya nyimbo ya maliro ija n'kumasiya mipata monga anazolowera, ngakhale panalibe wovomera. Pa khomo la khitchini panaima a Yotamu, dzanja lili mu jekete, kanyali kofiira kakuonekera pakati pa zala.

"Malume, mukutani?" ndinafunsa.

"Ndikumvera, amake Tadala."

"Kumvera n'kwa makutu. Chofiiracho ndi khutu?"

A Rozi anaseka mpaka kutsamira sinki. "Asiye iwe Esnati, anandipempha. Mawu anga okalambawa akawagulitsa kwa ndani?"

A Yotamu anazimitsa kawailesi kaja, kundigwadira pang'ono monyogodola, n'kutuluka. Ine ndinawakalipira achemwali anga njira yonse mpaka pokwerera basi. Ndinati tsiku lina adzamva nyimbo ya maliro a kwathu ikulira m'bala, zidakwa zikuvina, ndipo adzandikumbuka. Iwo anangoti ndinabadwa ndi mtima wa apolisi.

Chaka chisanathe a Rozi anadwala, ndipo matendawo sanachedwe nawo. Tisanatumize thupi kumudzi tinachita mwambo m'holo yomweyo, Loweruka m'mawa, mvula ikuwaza. Abusa atamaliza, inafika nthawi yotulutsa bokosi, nthawi ya nyimbo ija. Apa m'pamene tinazindikira kuti zaka zonsezo palibe wina anaiyambitsapo koma mwini wake, amene tsopano anali m'bokosimo. Amayi onse anayang'ana ine. Ndinatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu. Onyamula bokosi anaima, manja ali pa zogwirira, kudikira.

Ndiye kumbuyo kwenikweni, pa benchi ya pafupi ndi paipi, kunamveka mawu a mwamuna. A Yotamu anali ataimirira, manja ali m'mbali, akuponya mzere woyamba. Sanaphonye kanthu. Pomwe a Rozi ankakweza iwo anakweza, pomwe ankakoka mpweya iwo anakoka, ngakhale kakunjenjemera ka kumapeto kwa mzere kanalipo.  Sindinamve chitonthozo ayi, ndinamva mkwiyo. Ndinati munthu uyu wakhala akuiphunzira pa kaseti, waba mawu a m'bale wanga ali moyo, lero akudzationetsa katundu wakubayo pa maliro ake omwe, ndipo mwina kawailesi kali m'thumba kakujambula kulira kwathu.

Amayi anali atakoka kale mpweya kuti avomere. Ndinatembenuka, kuwayang'ana, n'kutsitsa dzanja langa pansi. Anamvera, poti wofedwa ndinali ine.

Mpata unadutsa wopanda mawu. Munthu wina aliyense akanakhala pansi ndi manyazi. A Yotamu anadikira mpata wonse mpaka kutha kwake, phazi likugunda pa thabwa, n'kuponya mzere wachiwiri. Zii. Anadikiranso, n'kuponya wachitatu. Anayimba nyimbo yonse motero, ndime zonse, osafupikitsa mpata ndi umodzi womwe, ndipo m'holo monse munkangomveka phazi lawolo ndi mvula pa mazenera. Azungu a kuntchito kwa a Rozi ankaganiza kuti nyimboyo ndi mmene imayimbidwira, ena mpaka anapukuta misozi. Ife tinkadziwa chimene tikuchita. Bokosi la achemwali anga linatuluka ndi theka la nyimbo yawo, ndipo wolamula zimenezo ndinali ine.

Panja pa masitepe ndinawatsekera njira.

"Tulutsani za m'thumbamo."

Sanatsutse. Anatembenuza thumba lakumanzere: munali mpango ndi kapulasitiki kokhwatchira gitala. Lakumanja munali makiyi. Kawailesi kaja sanabwere nako, koma ine m'malo mochita manyazi ndinangoti ndi ochenjera, anadziwiratu kuti ndiwasecha.

"Kaseti ya achemwali anga ndikuifuna."

"Mukatani nayo, amake Tadala?"

"Ndikaiwotche. Mawu a munthu wakufa sasungidwa m'katoni ngati nsapato."

Mvula inkatsika m'imvi zawo. Kenako anati, "Ndiye ikhale kaye kwa ine." Anatsika masitepe n'kulowera cha ku mtsinje.

Zaka khumi zinatsatira, ndipo pa zaka zonsezo moni wathu unali umodzi. Tikakumana pa khomo la tchalitchi kapena m'sitolo ya zakudya za kwathu, ankachotsa dzanja m'thumba n'kufunsa kuti, "Amake Tadala, machesi aja mukadali nawo?" Ine ndinkayankha kuti, "Ndikadali nawo, malume." Iwo ankagwedeza mutu n'kupitiriza ulendo. Ndinkati akundiseka, ndipo yankho langalo ndinkalinyadira. Chimbale chatsopano chikatuluka ndinkathamangira kukachimvera, kuyembekeza kumva a Rozi kuseri kwa gitala. Sindinawamvemo. Koma ndinkati mbala yochenjera sigulitsa katundu pa msika wa kwawo, mwina anatumiza kunja.

Anamwalira atakhala pa mpando m'nyumba mwawo, gitala ili pambali. Analemberatu kuti adzaikidwe konkuno, ndipo a Gondwe atamva anati munthu woopa kwawo ngakhale atafa ali ndi chifukwa. Pa maliro azungu anadzaza tchalitchi, imvi ndi majekete achikopa okhaokha. Ife Amalawi tinakwana mabenchi awiri. Anaika nyimbo yawo imodzi ya pa chimbale, ya mipata ija, ndipo tonse tinakhala duu mpaka inatha.

Ku manda kunandipeza mzungu wina wonenepa, wadazi, maso ali psuu. Anati dzina lake ndi Dagi, ndiye ankaimba ng'oma m'bandi ija, ndipo a Yotamu anamusiyira makiyi a nyumba ndi ntchito imene payekha sangaithe. Anati a Yotamuwo anamuuza kuti akafune mayi wa nkhope yokwiya wa pa benchi yachiwiri. Sanavutike kundipeza.

Ndinapita mawa lake masana. Nyumbayo inali pamwamba penipeni pa mdadada wakale wa ku Govan, masitepe amwala ozungulira, chipinda chimodzi ndi khitchini. Khoma lonse la kumanzere linali mashelefu, ndipo mashelefuwo anali makaseti okhaokha. Pa kaseti iliyonse panali dzina la munthu, mfunda wake, mudzi ndi mfumu yake, zolembedwa bwino ndi inki yakuda. Ndinawerenga mayina a anthu amene tinawaperekeza ndi nyimbo ija, ena amene anabwerera kumudzi, ena amene ndimakhala nawo pa benchi Lamulungu lililonse. Ntchito ya Dagi inali yopereka kaseti iliyonse kwa mwini wake kapena abale ake, koma mayinawo ankamupota lilime.

Ine sindinakhale pansi. Ndinamufunsa m'Chingerezi changa kuti makasetiwa wakoperapo kale angati, poti munthu wa zoyimbayimba sangasiyidwe ndi nkhokwe yotere osatapamo.

Anafiira mpaka pa dazi. Anati pa moyo wake anakoperapo kaseti imodzi yokha, ndipo imeneyo ndi imene inapha bandi.

Chizungu cha ku Govan ndimachimva theka, choncho ndinamubwereza kawiri, ndipo nkhani yake inali iyi. A Yotamu atathawa sukulu sakanathanso kupita kumudzi, chifukwa amene anawatumiza kudzaphunzira akanawalandirira pa bwalo la ndege. Mayi awo, osadziwa kulemba, ankawatumizira makalata a pa kaseti kudzera mwa anthu apaulendo. Pa kaseti yomaliza mayiwo anayimba kanyimbo, ndipo pasanapite nthawi anamwalira. Bwana wa kampani yaikulu ija anaimva kasetiyo mwangozi n'kunena kuti mawu a mayi wa ku Africa ndi amene atsegulire chimbale chatsopano, anthu adzagula ngati mabanzi. A Yotamu anakana. Anyamata aja, poona mwayi ukuwapulumuka, anagwirizana mwamseri, ndipo Dagi ndi amene anaba kasetiyo m'chikwama n'kuikopera. Tsiku lina m'mawa a Yotamu akulowa mojambulira nyimbo anamva mayi awo akuyimba m'masipika akuluakulu, pansi pake ng'oma za Dagi zikugunda. Sanakalipe. Anachotsa tepiyo pa makina, kunyamula gitala, n'kutuluka, ndipo anatha zaka makumi awiri osamuyankhula Dagi.

Ndinafunsa za mipata ija. Dagi anaseka misozi ili m'maso. Anati m'bandi a Yotamu anawaphunzitsa atatuwo kuvomera: iwo akaponya mzere, anyamata a ku Govan n'kuyankha onse pamodzi, ndipo ndi chimene chinkasiyanitsa bandi yawo ndi ena onse mu mzinda muno. Atatsala okha sanasinthe kapekedwe ka nyimbo, sanalembenso ena ntchito yovomera. Ankangosiya malo a anzawo aja osakhalamo munthu. Anati olemba nyuzi ankatcha zimenezo luso, koma iye akamvera ankadziwa kuti mpata uliwonse ndi mpando wake.

Sindinganame kuti ndinakhulupirira zonse. Munthu akamwalira anzake amamudzoza mafuta, ndipo Dagi anali ndi chikumbumtima chake chofuna kutsuka. Ndinayendera mashelefu onse kufuna makaseti a nthawi ya ku Hillhead, a m'zipinda za ophunzira zija. Panalibe ngakhale imodzi. Kaya anawotcha, kaya anatumizadi kumene a Gondwe amaganiza, kaya sanajambule n'komwe, palibe amene angandiuze tsopano. A Gondwe nditawapititsira kaseti ya malemu akazi awo akupemphera pa chinkhoswe cha mwana wawo, anaikana kawiri, kachitatu n'kuilandira ndi manja awiri. Komabe mpaka lero amati iwo sananene kanthu.

Ya a Rozi sinali pa shelefu. Mtima wanga unati ehe, si ndinanena, yagulitsidwa. Ndinali nditayamba kale kumukwezera mawu Dagi pamene anatsegula kabati ya pafupi ndi bedi n'kutulutsa kachitini ka mabisiketi. Munali makaseti awiri. Ina inali yakale kwambiri, yolembedwa kuti Amayi. Inayo inali ndi dzina la achemwali anga, mudzi wathu, mfumu yathu, ndipo pansi pake panali mzere wina wa inki yomweyo: Ya a Esnati, machesi akadzatha.

Ndinakhala pa bedi la munthu wakufayo osapempha. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo ine ndinaupeza wanga m'chitini cha mabisiketi. Zaka khumi munthu ankandifunsa funso lenileni, ine n'kumayankha mwamatama. Tsiku lina lililonse pa zaka zimenezo ndikanangoti atha, malume, bwenzi atapisa dzanja n'kundipatsa. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Ndinawakwiyiranso iwo, chifukwa munthu wamkulu akanatha kundikhazika pansi n'kundiuza zonsezi m'malo mondifunsa za machesi. Koma ndikudziwa mmene ndikanawayankhira.

Tinatha milungu itatu tikugawa makaseti, ine kuwerenga mayina ndi kuimba mafoni, Dagi kuyendetsa galimoto. Ya mayi awo tinaipereka kwa wophunzira wina wobwerera kumudzi, poti pa kasetiyo ndi pamene tinapeza dzina la mudzi umene sankautchula. Yangayo ndinaisunga m'chikwama osaimvera. Kunyumba ndilibe choimbira makaseti, ndipo kunena zoona ndinkaopa.

Tsiku lomaliza, makiyi asanabwezedwe kwa eni nyumba, Dagi anandisiya ndekha m'chipindamo n'kutsika kukasuta. Katundu yense anali atapita. Pa zenera anasiyapo wailesi ya kaseti yokha, mwadala. Ndinaikamo kaseti n'kudina.

Kunamveka madzi a pa mpopi, makapu akugundana, kenako a Rozi, pafupi ngati ali kuseri kwa chitseko. Mlendo wafika mame asanaume. Mpata. Mu mpatamo, pansipansi, phazi la munthu likugunda. Anaponya mzere wachiwiri, mpata, wachitatu, mpata. Akukoka mpweya kuti ayambe ndime yachiwiri, kunalowa mawu ena akuthwa, a mayi wosakhulupirira munthu: "Malume, mukutani?" Kenako kuseka kwa a Rozi, kenako thi, kaseti n'kungozungulira yopanda kanthu. Mawu onse a achemwali anga otsala pa dziko lino ndi mizere itatu ndi kuseka kumodzi, ndipo amene anadula nyimboyo ndi ine.

Ndinabweza kaseti kumayambiriro. A Rozi ataponya mzere, ndinavomera. Muyalireni mphasa. Mawu anga anatuluka osasa, n'kugunda makoma n'kundibwerera, chifukwa m'chipindamo munalibe chowagwira. Ndinavomera katatu konse, ndipo mayi uja asanafunse funso lake ndinazimitsa.

Chipindacho n'chaching'ono kuposa mmene chinkaonekera makaseti alimo. Pa khoma lakumanzere patsala mizere yoyera pomwe panadutsa mashelefu, ndi mabowo a misomali. Kuseri kwa chitseko kuli mbedza imodzi yopindika, yomwe inanyamula jekete lija zaka zonsezi. Zenera limayang'ana ku mtsinje, ndipo ukaima pomwepo umaona makina aatali onyamulira zitsulo a kokhomera sitima ndi denga la holo yathu. Pansi pa zeneralo, pomwe pankakhala mpando wawo, pali timaenje tinayi ta miyendo ya mpando m'kapeti. Patsogolo pake, cha kumanja, kapetiyo inaperepeseka malo amodzi okha mpaka thabwa kuonekera, malo okwana chala cha nsapato.